Wotchi yodziwa yokha kuti mwezi watha: zoyenera kumvetsa musanagule perpetual calendar

Mu Epulo 2024, pa chionetsero cha mawotchi cha Watches and Wonders ku Geneva, kampani ya IWC inaonetsa wotchi ya pamkono yotchedwa Portugieser Eternal Calendar, n'kulengeza kuti deti lake lidzayenda molondola mpaka chaka cha 3999. Anthu amene ankasunga ndalama kuti adzagule wotchi ya mtundu wa perpetual calendar anadabwa nazo. Paja ogulitsa ankawauza kuti mawotchi amenewa saphonya deti, nanga yatsopanoyi yabwera kudzakonza chiyani? Ena anali ndi funso lawolawo, nalonso lomveka: foni imadziwa deti popanda woiuza, ndiye munthu wotulutsa ndalama zankhaninkhani pa kawotchi kopanda ngakhale batire amakhala akugula chiyani?

Mayankho a mafunso awiriwa ali mkati mwa wotchimo.

## Vuto linayambira pa kalendala

Makina a magiya amayenda bwino ndi zinthu zobwereza mofanana. Ola lililonse ndi mphindi 60, tsiku lililonse ndi maola 24, choncho mmisiri amangowerengera mano a mawilo, basi. Miyezi ndiye yosamvera. Isanu ndi iwiri ili ndi masiku 31, inayi ili ndi masiku 30, pamene Febuluwale ali ndi 28 koma amafika pa 29 kamodzi pa zaka zinayi, m'chaka cha masiku 366 chija.

Wotchi wamba yoonetsa deti ili ndi wilo la mano 31, ndipo kwa iyo mwezi uliwonse ndi wa masiku 31. Ikachoka pa 30 Epulo imapita pa 31, tsiku limene kulibe, mpaka mwini wake ataikankhira kutsogolo ndi dzanja. Amatero kasanu pa chaka: kumapeto kwa Febuluwale, Epulo, Juni, Sepitembala ndi Novembala. Pamwamba pa iyi pali annual calendar, imene kampani ya Patek Philippe inayamba kugulitsa mu 1996. Imeneyi imasiyanitsa miyezi ya masiku 30 ndi ya 31, koma Febuluwale amaigonjetsa, moti imafuna kukonzedwa kamodzi pa chaka, pa 1 Malichi. Perpetual calendar ndi imene imadziwa miyezi yonse, ndi 29 Febuluwale yemwe. Nthawi zambiri imaonetsa deti, tsiku la sabata, mwezi, chaka chimene tili pa mndandanda wa zaka zinayi zija, komanso maonekedwe a mwezi wakumwamba.

Ogula ongoyamba kumene amakodwa pa chinthu chimodzi. Pa nkhope ya mawotchi ambiri a Rolex pamalembedwa Oyster Perpetual, koma mawuwo sakunena za kalendala ayi. Akunena za kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkatimo n'kumapukusa wotchi munthu akamagwedeza mkono, luso limene kampaniyo inayamba mu 1931. Deti la Rolex Datejust limafuna kukonzedwa kasanu pa chaka ngati la wotchi ina iliyonse.

## Kawilo kozungulira kamodzi pa zaka zinayi

Zaka zinayi ndi miyezi 48, kapena kuti masiku 1,461. Pa kapangidwe kakale, kamene makampani ambiri akugwiritsabe ntchito, nzeru zonse zagona pa kawilo kamodzi kamene m'mphepete mwake munagawidwa magawo 48, gawo lililonse mwezi wake. Magawo 28 a miyezi ya masiku 31 sanasemedwe. Magawo 16 a miyezi ya masiku 30 anasemedwa pang'ono. Gawo limodzi, la Febuluwale wa masiku 29, n'lakuya ndithu, ndipo atatu a Febuluwale wa masiku 28 ndi akuya kuposa onse. Kawiloka kamasuntha kamodzi pa mwezi, n'kudzamaliza kuzungulira pakatha zaka zinayi. Amisiri ena amagwiritsa ntchito wilo la miyezi 12 lokhala ndi kawilo kena kakang'ono pamalo pa Febuluwale, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Pamwamba pa mawilowa pagona kamkono kachitsulo katali, kopingasa pafupifupi wotchi yonse. Usiku uliwonse, nthawi ikamayandikira 12 koloko, kamkonoka kamadzuka n'kukankha wilo la deti dzino limodzi, la tsiku la sabata dzino limodzinso. Kakatero kamabwerera n'kukalowetsa nsonga yake m'gawo la mwezi umene tili. Zili ngati munthu amene akuyesa kuya kwa mtsinje ndi ndodo asanawoloke: mmene ndodo yamirira ndi mmene amadziwira chochita. Gawo likakhala lakuya, kamkonoko kamabwerera patali, ndiye ulendo wake wotsatira umakhala wautali. Masiku ena onse kutalika kwa ulendowo sikusintha kanthu. Koma pa tsiku lomaliza la mwezi waufupi, kachala kachiwiri ka pa kamkonoko kamakola kamphako ka pa wilo la deti n'kulikoka mpaka pa 1. Usiku wa pa 28 Febuluwale m'chaka wamba, wilolo limadutsa 29, 30 ndi 31 osaima, mano anayi usiku umodzi. Pa mawotchi ena zimachitika m'kuphethira kwa diso, pa ena muvi umakwawa kwa maola angapo, ndipo alipo eni ake amene amachezera dala usiku umenewu kuti aonerere.

Chofunika kugwiritsitsa n'chakuti wotchiyi sidziwa deti mmene foni imadziwira. Foni imafunsa netiweki. Wotchi imangowerenga mausiku amene yadutsa ikuyenda kuchokera pamene munthu anaitchera. Usiku umene inali chiimire siuwerengedwa.

## Tsiku limene idzaphonye

Chaka cha dzuwa ndi masiku pafupifupi 365.2422. Kalendala ya Julius Caesar inkawerengera 365.25, kusiyana kwa mphindi 11 zokha pa chaka, koma mphindizo zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse. Pofika mu 1582 masikuwo anali ataunjikana, ndipo Papa Gregory XIII analamula kuti Lachinayi pa 4 Okutobala litsatidwe ndi Lachisanu pa 15 Okutobala. Anaikanso lamulo lakuti chaka chothera ndi maziro awiri chisamakhale ndi 29 Febuluwale, pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. N'chifukwa chake 1900 inalibe tsikuli, 2000 inali nalo, ndipo 2100 sidzakhala nalo.

Kawilo ka magawo 48 kaja sikadziwa za Papa Gregory, kakutsatabe lamulo la Caesar. Lolemba pa 1 Malichi 2100, perpetual calendar yachizolowezi idzaonetsa 29 Febuluwale, ndipo idzafunika kuikankha tsiku limodzi. Wotchi ya IWC ija ili ndi wilo lina lozungulira kamodzi pa zaka 400, limene limachotsa masiku atatu osafunikawo. Si yoyamba kutero, chifukwa Calibre 89 ya Patek Philippe, wotchi ya m'thumba ya mu 1989, inali kale ndi luso lotere. Kwa wogula wa lero, nkhani ya 2100 ndi yongochezera. Adzakonza tsikulo ndi mdzukulu.

## Ikaima, m'pamene pagona nkhani

Mphamvu ya wotchi yopanda batire ili mu sipuling'i yopukusidwa. Mawotchi ambiri opyapyala amtunduwu amasunga mphamvu ya masiku awiri kapena atatu, ngakhale kuti ena a IWC amafika masiku 7. Mukaivula Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa mukhoza kuipeza itaima. Wotchi wamba ikaima, kuitchera ndi nkhani ya mphindi imodzi. Perpetual calendar imene yakhala m'kabati miyezi itatu imafuna kuti munthu akhale pansi, kabuku kake kali pambali.

M'mbali mwa wotchi yachikale muli timabatani tobisika, titatu kapena tinayi, tolowa mkati moti chala sichingatifike. Mumadina ndi kandodo kamene kamabwera m'bokosi lake, ndipo amene amataya kandodoko n'kutenga singano kapena cholembera amakanda nazo golide. Batani lina ndi la deti, lina la tsiku la sabata, lina la mwezi, lina la mwezi wakumwamba, ndipo pali loyamba kudinidwa ndi lomalizira. Timabatani timeneti timangopita kutsogolo. Mukadina la mwezi kamodzi mopitirira, pa mawotchi ambiri njira yobwererera ndi kuzungulira magawo 47 otsalawo, limodzilimodzi.

Palinso maola oletsedwa. Kuyambira cha m'ma 8 koloko usiku mpaka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kamkono kaja kamakhala kali pa ntchito, mano atalumana. Kudina batani nthawi imeneyi kukhoza kupinda kapena kuthyola kachitsulo kopyapyala kwambiri, ndipo wotchi ikatero yapita kwa amisiri. Maola enieni amasiyana malinga ndi kampani. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti nthawi yowerengedwa ndi ya pa wotchipo, osati ya panja. Wotchi imene inaima pa 11 koloko sinena ngati anali masana kapena usiku, pokhapokha ikhale ndi kamuvi ka maola 24. N'chifukwa chake ozolowera amayamba ayendetsa mivi mpaka deti litasintha, kuti adziwe pakati pa usiku, n'kupitiriza mpaka 6 koloko m'mawa, kenako ndiye n'kuyamba kudina.

Amisiri akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Mu 1985, Kurt Klaus wa ku IWC anapanga wotchi ya Da Vinci, imene zonse anazilumikiza pamodzi: mukapotokola kachitsulo ka m'mbali kopukusira wotchi ndi zala, deti, tsiku, mwezi, chaka ndi mwezi wakumwamba zimayenda limodzi, tsiku limodzi pa nthawi. Timabatani palibe. Koma nayo sibwerera m'mbuyo. Mukapitirira ndi masiku atatu, mumaiimitsa n'kudikira kuti kalendala ya pakhoma iipeze, ndipo mwana akaseweretsa n'kuipititsa zaka ziwiri kutsogolo, imafunika kukatsegulidwa. Mu 1996 Ludwig Oechslin anapangira Ulysse Nardin makina oyendera mawilo okhaokha opanda kamkono kaja, otheka kupita kutsogolo ndi m'mbuyo. H. Moser & Cie ili ndi yake yotero, imene imalozanso mwezi mochenjera: kamuvi kakafupi pakati pa nkhope kamaloza manambala a maola, 1 kukhala Januwale, 12 kukhala Disembala. Legacy Machine Perpetual ya MB&F, imene Stephen McDonnell anapanga n'kutuluka mu 2015, inatembenuza nzeru yonse: imatenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 28 n'kumawonjezera otsalawo, m'malo modumpha masiku. Kwa munthu woyendayenda pa ndege, amene amabweza nthawi m'mbuyo kudutsa pakati pa usiku, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Ena amathawa zonsezi pogula bokosi la magetsi lozungulitsa wotchi pang'onopang'ono ikakhala kuti sinavalidwe. Limathandiza pa mawotchi odzipukusa okha basi. Amisiri sagwirizana pa za bokosili: ena amati limaperepesa zitsulo popanda chifukwa, ena amati kuopsa kwa dzanja la mwini wake pa timabatani n'kwakukulu kuposa pamenepo.

Choncho amene amadyerera luso limeneli ndi munthu wa wotchi imodzi, woivala tsiku ndi tsiku. Wa mawotchi khumi, wosinthasintha, amatchera perpetual calendar yake kambirimbiri kuposa mmene akanakonzera deti la wotchi wamba. Chodabwitsa n'chakuti okwanitsa kugula nthawi zambiri ndi a gulu lachiwirili.

## Ndalamazo zikugula chiyani

Kulondola sikuli m'gulu la zogulidwazo. Bungwe la COSC la ku Switzerland, loyesa mawotchi, limavomereza wotchi ya sipuling'i ngati sitsalira masekondi opitirira 4 kapena kutsogola opitirira 6 pa tsiku. Wotchi wamba ya quartz, yoyendera batire, imasiyana ndi masekondi pafupifupi 15 pa mwezi wathunthu. Casio, Citizen ndi Seiko amagulitsa mawotchi a batire kapena a mphamvu ya kuwala odziwa kalendala mpaka kumapeto kwa zaka 100 zino, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza.

Mbiri ndi imene ikufotokoza mtengowo. Thomas Mudge wa ku London anapanga wotchi ya m'thumba yotere cha m'ma 1760. Patek Philippe inaika makina ake pamkono mu 1925, ndipo mu 1941 inayamba kupanga angapo ofanana chaka ndi chaka. Seiko itatulutsa Astron ya quartz mu 1969, makampani ambiri a ku Switzerland anagwa m'zaka zotsatira. Ena mwa opulumuka anasiya kupikisana pa kulondola n'kuyamba kugulitsa umisiri wa manja, ndipo perpetual calendar inakhala chimodzi mwa zida zawo. Audemars Piguet inatulutsa yake yopyapyala mu 1978, vuto lili pachimake. Wogula wa lero amalipira tizitsulo mazanamazana topalidwa ndi kulumikizidwa ndi manja, golide kapena pulatinamu wa chikuto chake, kuchepa kwa mawotchi opangidwa, komanso dzina. Gawo la dzinalo ndi lalikulu, ndipo ogulitsa sakonda kulitchula.

Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Mu 2016 Frederique Constant inatulutsa yachitsulo pa mtengo wosafika madola 10,000 a ku America, pamene za Patek Philippe, Audemars Piguet, Vacheron Constantin ndi A. Lange & Söhne zimayambira pa madola masauzande makumi angapo, zina n'kupitirira 100,000. Mbali ina ya kusiyanaku ili pa kapangidwe. Pali mawotchi amene kalendala yake ndi chigawo chopangidwa pachokha n'kusanjikidwa pamwamba pa makina wamba, ndipo kampani ya Dubois Dépraz ya ku Vallée de Joux, ku Switzerland, imagulitsa zigawo zotere kwa makampani ambiri. Pali ena amene zonse zinapangidwira pamodzi kuyambira pachiyambi. Yosanjika si yachabe ayi, mwinanso mmisiri woikonza savuta kupeza. Kungoti wogula ayenera kudziwa chimene akulipira.

Mtengo wa pa tsiku logula si womaliza. Mafuta a m'makinamo amauma, ndipo wotchi imafuna sevisi: makampani ena amati pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ena amalola kufika khumi. Pa sevisi yonse mmisiri amaphwasula kachitsulo kalikonse, n'kutsuka, kuthira mafuta ndi kulumikizanso. Amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa, makampani ambiri sagulitsa masipeyala kwa okonza oima paokha, ndiye wotchi ikhoza kutumizidwa kutali, mwina ku Switzerland kumene, n'kukhalako miyezi. Onjezanipo inshulansi.

Nanga zoti wotchi ndi posungira chuma? Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya perpetual calendar ya Patek Philippe 1518 yachitsulo, imene inagulidwa mafulanki 11 miliyoni a ku Switzerland pa okushoni ya Phillips ku Geneva mu Novembala 2016. Koma mwa mawotchi 281 a mtundu wa 1518, achitsulo odziwika ndi anayi okha. Chimene chinakweza mtengo ndi kusowa kwake, osati kalendala. Mitengo ya mawotchi ogulitsidwa kachiwiri inakwera kwambiri mpaka kumayambiriro kwa 2022, kenako n'kuyamba kutsika. Ma perpetual calendar ambiri agolide a lamba wachikopa amagulitsidwa kachiwiri pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi wa m'sitolo. Kwa wogula yatsopano amene akufuna kudzagulitsa, kumeneko ndi kuluza. Kwa wofuna yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi mwayi.

## Pamkono

Zina zimadziwika wotchi ikavalidwa. Timabwalo titatu kapena tinayi pa nkhope yosafika masentimita anayi timakhala ndi manambala ang'onoang'ono, ndipo maso akayamba kufooka, munthu amapezeka akutulutsa foni kuti aone deti, wotchi yamtengo ili pamkono. A. Lange & Söhne imaika deti la manambala akuluakulu, ndipo Patek Philippe 5236P ya mu 2021 imaonetsa tsiku, deti ndi mwezi pa mzere umodzi. Kuona chithunzi pa intaneti sikokwanira, muyenera kuivala n'kuyesa kuwerenga.

Mawotchi ambiri amtunduwu amalembedwa kuti amapirira madzi mamita 30. Tanthauzo lake ndi madontho a mvula ndi kusamba m'manja, osati kusambira. Batani lililonse la m'mbali ndi khomo lina loti madzi angalowere. Kugwa pa simenti kapena kugunda pa chitseko mwamphamvu kukhoza kusuntha timivi.

Za mwezi wakumwamba nazo n'zofunsa. Mwezi umatenga masiku 29.53 kuti ubwerere mwakale. Wilo la mano 59, limene ndi lachizolowezi, limaphonya tsiku limodzi pa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri, pamene la mano 135 limatenga zaka 122 kuti liphonye chimodzimodzi.

Amene amakopeka ndi kalendala koma akuopa zovuta zake amayang'ananso annual calendar, imene ili ndi tizitsulo tolimbirapo ndipo ndi yotsika mtengo, monga ya Patek Philippe ija kapena Rolex Sky-Dweller ya mu 2012. Pa kagwiritsidwe ntchito, kusiyana kwake ndi kukonza deti kamodzi pa chaka. Kwa ena kamodziko si kanthu. Kwa ena, wotchi yosadziwa Febuluwale yasowa chinthu chenicheni chimene amachifuna, ndipo palibe masamu amene angawasinthe maganizo.

## Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Bokosi, chikalata chogulira, kandodo kodinira ndi malisiti a sevisi yomaliza zimakweza mtengo, ndipo pali chifukwa chake: wotchi yosaoneka sevisi yake muyenera kuiwerengera ngati yofuna sevisi nthawi yomweyo. Nambala ya pa makina ndi ya pa chikuto zigwirizane ndi za m'chikalata. Patek Philippe imapereka chikalata chochokera m'mabuku ake akale chonena tsiku limene wotchi inapangidwa ndi kugulitsidwa, koma chikalatacho sichitsimikizira kuti zonse zili m'wotchimo lero ndi zomwe inatuluka nazo. Chikuto chopukutidwa mobwerezabwereza chimataya makona ake, ndipo okonda mawotchi amachotsera mtengo.

Yang'anani ngati kamuvi kalikonse kakuloza pakati penipeni pa nambala yake, osati pakati pa manambala awiri. Kenako pemphani wogulitsa kuti aitchere yekha, ndi manja ake, pa 30 Epulo, n'kuyendetsa mivi kudutsa pakati pa usiku inu mukuona. Yeniyeni ndi yabwinobwino idzafika pa 1, ndipo mwezi udzasintha kukhala Meyi. Mawotchi ambiri achinyengo ali ndi timabwalo tonse tinayi tooneka bwino, koma mwezi wake umasuntha pokhapokha munthu adine batani, ndipo deti lake lidzaima pa 31.